MAKINA OYENDA OKHA PANSI PA MADZI

Akulu-akulu a ku Matero amene anaona zaka za m'ma 1950 akumbukira kawailesi kabuluu kaja kooneka ngati poto, kamene Azungu anakacha Saucepan Special. Kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949 pa mtengo wa £5, ndipo madzulo anthu a nyumba zinai kapena zisanu anali kusonkhana pakhomo limodzi kudzamvera. Cimene cinawadabwitsa ndi cakuti mau anali kucoka mu Lusaka nafika ku Mufulira ndi ku Fort Jameson popanda waya. Ambiri anayesa kuti palibe cinthu cotha kutseka njira ya mafunde a wailesi. Komatu cilipo, ndico madzi.

Mafunde amene aoloka mapiri ndi nkhalango, akalowa m'madzi afooka msanga, makamaka m'madzi a mcere, ndipo azimirira asanapite mapazi ambiri. Cifukwa cace munthu wofuna kutumiza makina pansi pa nyanja ali ndi njira ziwiri. Angawamange cingwe ca waya, monga mbuzi pa cikhomo, nawalamulira ali m'bwato. Kapena angawaphunzitse zonse ali kumtunda, nawataya m'madzi kuti adziyendetse okha, monga mwana wotumidwa kumsika amene sangathe kubwerera kudzafunsa. Njira yaciwiriyi ndiyo yobvuta koposa. Makina otere Azungu awacha maloboti, koma si maloboti aja oimitsa magalimoto pa Cairo Road ai. Liuli linacokera ku cinenero ca anthu a ku Czech, kumene robota ndi nchito yokakamiza imene mlimi anali kugwirira mwini malo. Anthu odziwa thangata ndi cibalo safuna wowamasulira.

Makina oyamba a mtundu umenewu anapangidwa m'caka ca 1957 pa University of Washington, mu mzinda wa Seattle ku America. Dzina lace linali SPURV, ndipo anali kutsika mapazi pafupi 10,000 kukayesa kutentha ndi kuzizira kwa madzi. Ndarama zace zinacokera ku gulu la nkhondo la pamadzi, ndipo kwa zaka zambiri luso limeneli linakhala m'manja mwa asilikari ndi akatswiri owerengeka.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1998. Bungwe la opanga makina odziyendetsa, lochedwa AUVSI, pamodzi ndi Office of Naval Research, anaitana ana a sukulu zapamwamba ku Panama City, m'cigawo ca Florida, kuti adzapikisane ndi makina opanga okha. Anabwera magulu anai okha, ndipo anapambana ndi anyamata a sukulu ya MIT. Mpikisanowo ndiwo unadzachedwa RoboSub. Kuyambira 2002 unacitika zaka zambiri ku San Diego, m'dziwe lalikuru la asilikari lochedwa TRANSDEC, la mapazi 300 m'litari, 200 m'lifupi, ndi 38 pamene pazama koposa.

Lamulo lace lalikuru nlakuti makina akangomira, eni ace saloledwa kulankhula nao. Aimirira m'mbali mwa dziwe manja ali m'thumba, mtima uli m'mwamba. Makinawo ayenera kupeza okha cipata ndi kupyola pakati pace, kukhudza mipira yoyandama yomangidwa pa zingwe, kugwetsa zizindikiro m'mabokosi oyenera, ndi kuponya timibvi m'maboo. Kwina m'dziwemo muli kanthu kolira pang'ono-pang'ono ngati nkhululu. Popeza phokoso liyenda bwino m'madzi kuposa mumpweya, makina ali ndi makutu angapo. Kulirako kufika ku khutu limodzi kusanafike ku linzace, ndipo pa kusiyana kwakung'onoko kompyuta ya m'kati iwerengera mbali imene kwacokera. Akafika pamalopo ayenera kubvuuka pakati pa mpanda woyandama wa mbali zisanu ndi zitatu. Munthu wodziwa kusambira pansi pa madzi awatsata pambuyo, wosawathandiza, koma kuti awazime akasokera.

Ndipo amasokeradi. Nchito ya caka cathunthu ingathe kuonongeka cifukwa ca kampira kamodzi kotsekera madzi kamene kanapinidwa potseka, kapena cifukwa ca dzuwa. Maso a makina amene anaphunzira kuzindikira mpira wofiira m'mawa, masana kuwala kukasintha aupyola ngati sanauonepo.

Woyang'ana maina a opambana aona cinthu codabwitsa: ena a iwo sali a kunyanja konse. Cornell University, imene inapambana kasanu ndi kawiri pakati pa 2003 ndi 2017, ili ku Ithaca, kutari ndi gombe, ndipo ana ace ayesera makina ao m'dziwe losambiramo la pasukulu. M'caka ca 2018 cikho cinapita ku Harbin Engineering University, ku China, mu mzinda wa pakati pa mtunda kumene mtsinje uuma ngati mwala nthawi ya cisanu. Zoona, a ku Singapore amene anapambana mu 2022 ndi 2023 akhala pa cisumbu, koma zimene zaonekazi zikwanira kusonyeza kuti cofunika si nyanja. Cofunika ndi dziwe, mphunzitsi wopirira, ndi ana osatopa ndi kumasula cimene anamanga dzulo.

Umboni woposa wonse unacokera ku Phoenix, mzinda wa m'cipululu ca Arizona. Kumeneko kuli sukulu ya sekondale ya Carl Hayden, ya ana a anthu osauka. M'caka ca 2004 anyamata anai a pasukulupo, Oscar Vazquez, Lorenzo Santillan, Cristian Arcega ndi Luis Aranda, onse obadwira ku Mexico, analowa mpikisano wina wochedwa MATE ku Santa Barbara. Uwu unali wa makina a cingwe, osati odziyendetsa, koma iwo analembetsa m'gawo la sukulu zapamwamba. Makina ao anawamanga ndi mapaipi a pulasitiki a madzi, ndipo cifukwa ca fungo la guluu anawacha Stinky, ndiko kuti Cinunkha. Anaonongerapo madola 800, pamene a MIT anali ndi madola 11,000. Tsiku la mpikisano lisanafike anapeza kuti madzi alowa m'bokosi la mawaya. Anathamangira kusitolo nagula thonje lija abvala akazi akakhala kumwezi, naliika m'bokosimo kuti limwe madzi. Anapambana, MIT nikhala yaciwiri.

Munthu amene anaonapo anyamata a ku George kapena ku Chawama akupinda waya kupanga galimoto lokhota ndi ciongolero cace sadzadabwa ndi nzeru ya thonjeyo, pakuti ndiyo nzeru ya m'komboni, yakuti cimene cilipo cigwire nchito. Kusiyana nkwakuti anyamata a ku Phoenix anali ndi aphunzitsi awiri, Allan Cameron ndi Fredi Lajvardi, amene anawatsegulira cipinda ca zipangizo nawaperekeza ku mpikisano. Mu Lusaka mtunda wa pakati pa manja otere ndi cipinda cotere si wautari: Kalingalinga acita malire ndi University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo maiwe a Goma ali pabwalo pace pomwepo. Koma mtunda wa mapazi ndi mtunda wa ndarama ndi zinthu ziwiri. Ngakhale ku America cikho sicinacotse umphawi. Vazquez anatsiriza maphunziro a uinjiniya mu 2009, koma popeza analibe makalata okhalira m'dzikomo anabwerera ku Mexico nagwira nchito m'fakitale, kufikira analoledwa kubweranso mu 2010.

Wina angafunse kuti dziko lopanda nyanja ya mcere lipindulanji ndi zonsezi. Anthu a m'migodi ali ndi yankho. Mgodi wa Konkola uli m'gulu la migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo mapampu ace sagona usana ndi usiku. A ku Mufulira saiwala 25 September 1970, tsiku limene matope anagumukira pansi napha amuna 89. Wamgodi ali yense adziwanso kuti mgodi ukatsekedwa, monga unatsekedwa wa ku Kabwe mu 1994, mapampu aima, madzi abwerera, ndipo njira zonse zimene anthu anakumba ndi thukuta zibisika. Kutumiza munthu m'menemo ndi kumtumiza kumanda. Cingwe naco cikodwa pa matabwa ndi pa ngodya za njira.

Cifukwa ca bvuto lomweli sukulu zapamwamba za ku Ulaya, motsogozedwa ndi University of Miskolc ya ku Hungary, zinagwirizana mu 2016 kupanga makina ochedwa UX-1. Anawaumba obulungira ngati dzungu, a mapazi awiri m'mimba mwace, kuti asakodwe m'njira zopapatiza, nawaika nyali, maso ndi makutu oyesera makoma. M'caka ca 2019 anawatengera ku Ecton, ku England, mgodi wa mkuwa umene kale unalemeretsa eni ace, koma unadzala madzi m'zaka za m'ma 1850. Makinawo anatsika m'zitsime zace zamdima, nabwera ndi zithunzi ndi miyeso ya makoma amene munali zipsera za zitsulo za okumba, amene diso la munthu linali lisanawaone kwa zaka zoposa 160.