Makandulo a pafoni ndi chimanga cha pa Jenda

Masiku ano pagulu lathu la WhatsApp nkhani ndi ya zithunzi za timakandulo tofiira ndi tobiriwira. Akuti ukangodziwa kuwerenga mmene timakwerera ndi kutsikira, ugula lero, ugulitsa mawa, basi walemera. Musanathire ndalama ya fizi kapena ija anatumiza achimwene ku Joni, tiyeni tione kaye komwe zinachokera.

Makandulowo sanayambire pakompyuta ayi. Anayambira pa mpunga. Ku Osaka, m'dziko la Japan, kunali msika wa Dojima umene boma linauvomereza mu 1730. Amalonda ankalemba mitengo ya tsiku ndi tsiku n'kumafufuza zimene zimabwerezabwereza, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Munehisa Homma.

Kwathu kuno mpunga wathu ndi chimanga. Kuyambira 1971, ADMARC ndiyo inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo woikidwa ndi boma. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kuchita geniyi, ndipo mavenda a masikelo amene mumawaona pa Jenda, ku Embangweni ndi pa boma ndi zipatso za kusinthako. Kayendedwe kake ngakhale mwana amakadziwa: Meyi ndi Juni chimanga chimatsika chifukwa aliyense wakolola ndipo akufuna ndalama, Januwale ndi Febuluwale chimakwera chifukwa nkhokwe zauma. Pa njala ya 2002 amene anasunga anagulitsa mtengo wodula zedi, osauka akudya gaga.

Koma tamverani za 2017. Chilala cha 2016 chitakweza mitengo, ambiri anaganiza kuti zibwerezanso. Mvula inagwa bwino, zokolola zinachuluka, boma linali litaletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mtengo unangokhala pansi. Amene anagula ndi ndalama ya katapila anatsala ndi ngongole komanso anankafumbwe. Kachitidwe kamabwereza pokhapokha chifukwa chake chikadalipo. Mvula kapena lamulo likasintha, nako kamasintha.

Nanga masheya? Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsapo masheya inali NICO mu 1996. TNM inalowa mu 2008, Airtel Malawi ndi FDH Bank mu 2020. Makampani sakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa. Ukafuna kugulitsa msanga wogula akhoza kusowa, komanso bulokala amadulapo yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Ndiye zogula m'mawa kugulitsa madzulo, aise, phindu limathera m'njira. Musaiwalenso kwacha: mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anapeza phindu lochepera pamenepo, kwa wogulitsa feteleza anali ataluza.

Sindikuti malonda ndi oipa. Ndikuti munthu akakuonetsani chithunzi n'kunena kuti apa pakwera, mufunseni kuti chikukweza n'chiyani, adzagule ndani, ndipo zikapanda kutero mutaya zingati. Akakwiya ndi mafunsowo, gwirani thumba lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikupempha kuti Loweruka tikakumana tigule kope limodzi. Sabata iliyonse wina azilemba mtengo wa ndowa ya chimanga, nyemba ndi soya pamsika wakwawo. Pakatha chaka tidzakhala ndi makandulo athuathu, ndipo tidzadziwa chimene chinawayatsa.