Momwe lamya za m'manja zimagwirira ntchito m'madera a kumudzi

Lamya ya m'manja ndi wailesi yaing'ono yomwe imatumiza ndi kulandira mauthenga kudzera m'mafunde a mumlengalenga. Siilumikizana mwachindunji ndi lamya inzake, koma imadalira nsanja zomwe makampani amazika m'malo osiyanasiyana, monga zomwe zimaoneka m'mbali mwa msewu wochoka mumzinda wa Lilongwe kudzera pa Mpingu ndi Namitete kulowera ku Mchinji.

Nsanja iliyonse imatumikira dera lake lomwe akatswiri amalitcha selo. Dziko limagawidwa m'maselo ambiri ogundizana ndi cholinga choti mafunde ochepa omwe kampani yapatsidwa agwiritsidwenso ntchito pa nsanja zina zotalikirana popanda kusokonezana. Amene amagawa mafundewa ndi bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la mu 1998. Lamuloli linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016.

Munthu wa ku Nsaru akaimbira mnzake wa ku Namitete, lamya imasandutsa mawu ake kukhala manambala. Manambalawo amapita ku nsanja yapafupi, ndipo kuchoka apo amadutsa m'nthambo za faiba kapena m'mafunde olumikiza nsanja ndi nsanja kufikira ku makina aakulu a kampani. Makinawa amasunga kaundula wa ma SIM card onse komanso dera lomwe lamya iliyonse yaonekera komaliza. Motero amadziwa komwe angampeze woimbiridwayo, ndipo lamya yake imabwezera manambala aja kukhala mawu. Woimba akakhala pa ulendo, nsanja imodzi imampereka kwa inzake kukambirana kusanaduke.

Pa njira ya GSM, yomwe inayamba kugwira ntchito ku Finland mu 1991, mpata umodzi wa mafunde umagawidwa m'zigawo 8 za nthawi zomwe oimba amalandizana mwachangu kwambiri. Zigawozi zikadzaza, monga pa tsiku la msika, ena amalephera kuimba ngakhale netiweki ikuoneka yokwanira. Pa njirayi lamya siyenera kutalikira nsanja kupitirira makilomita 35, koma mapiri, mitengo ndi makoma zimachepetsa mtundawo. Mafunde a 900 MHz amafika kutali kuposa a 1800 MHz, n'chifukwa chake amathandiza kwambiri m'madera omwe midzi ndi yotalikirana monga Kabudula ndi Nambuma.

M'dziko muno kampani yoyamba inali TNM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1995 mogwirizana ndi Telekom Malaysia. Celtel inayamba ntchito mu 1999, inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Pambuyo pa GSM kunabwera 3G ndi 4G zomwe zinafulumizitsa intaneti. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2018 kulembetsa SIM card ndi chitupa kunakhala kokakamiza.

Nsanja siigwira ntchito popanda magetsi. Komwe mphamvu ya ESCOM sinafike kapena ikathima, pamafunika mabatire, jenereta ya dizilo kapena mphamvu ya dzuwa. Zipangizozi zikabedwa, dera lonse limakhala chete: chipatala chaching'ono chimalephera kuitanitsa ambulansi, mlangizi wa zaulimi satha kutumiza malipoti, ndipo mlimi salandira ndalama za mbewu zake.

Kumanga nsanja kumudzi kumafuna ndalama zambiri pomwe ogwiritsa ntchito ndi ochepa. Pachifukwachi lamulo la mu 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund lothandiza kufikitsa mauthenga m'madera otsalira. Ogwira ntchito m'boma, makhansala ndi mafumu angathandize podziwitsa MACRA za midzi yomwe ilibe netiweki, pofulumizitsa nkhani za malo omangapo nsanja, komanso polimbikitsa anthu kuteteza zipangizo zomwe zilipo kale.