Mwala wa Buluu wa ku Mererani: Chuma Chosunga Kapena Chokongoletsa Chabe?

Daimondi amakumbidwa ku Botswana, ku Russia, ku Canada ndi m'mayiko ena ambiri. Golide naye ali ponseponse. Koma tanzanite amakumbidwa malo amodzi okha padziko lonse: kadera ka m'mapiri a Mererani, m'boma la Simanjiro kumpoto kwa Tanzania, kotalika makilomita pafupifupi 7 ndi 2 m'lifupi. Mphete iliyonse ya tanzanite yomwe ikunyezimira m'sitolo ya ku New York kapena ku Johannesburg idachokera m'fumbi la pamenepo, kufupi ndi phiri la Kilimanjaro.

Mbiri yake ndi yaifupi, moti alipo anthu amoyo omwe akukumbukira nthawi imene mwalawu udalibe ngakhale dzina. Amasai amasimba kuti mphezi idayatsa tchire, ndipo moto utazima abusa a ng'ombe adapeza timiyala tomwe kale tidali tofiirira titasanduka tabuluu. Zolembedwa zimayambira mu 1967, pamene Manuel de Souza, telala wa ku Arusha yemwe kwawo kudali ku Goa, ndipo ankasakasaka miyala akaweruka pa makina, adalembetsa malowo ku boma. Boma la Tanzania limalemekeza munthu wina, Jumanne Ngoma, kuti ndiye adautulukira. Ulemuwo udachedwa kusanduka ndalama: mu 2018, patadutsa zaka zoposa 50, ndi pamene Pulezidenti John Magufuli adapatsa mkuluyu mashilingi 100 miliyoni.

Poyamba mwalawu udasokoneza anthu, ena nkumauyesa safaya. Akatswiri ataupima adapeza kuti ndi mtundu wa zoisite, mwala womwe sudali wotchuka kwa aliyense, ndipo mtundu wake wokongolawo umachokera ku timbewu tochepa ta vanadium. Chodabwitsa chake nchakuti ukautembenuza umasintha: mbali ina buluu, mbali ina pepo, mbali inanso wofiirira. Miyala yambiri imatuluka pansi ili ndi kufiirira kosasangalatsa, choncho amaiwotcha m'ng'anjo pa madigiri oposa 500 kuti buluuyo atsale yekha. Pafupifupi tanzanite yense wa m'masitolo ndi wowotchedwa chotere. Si chinyengo ayi, ndi mmene malondawa amayendera, ndipo mtunduwo susuluka.

Amene adautchukitsa ndi kampani ya Tiffany & Co. ya ku New York. Mu 1968, mkulu wake wina, Henry Platt, adaupatsa dzina lochokera ku dziko lomwe udapezeka, ndipo kampaniyo idaulengeza kwa anthu olemera a ku America ngati mwala wosowa wa ku Africa. Apa mpoyenera kuimapo pang'ono, chifukwa mtengo wa tanzanite udabadwira pamenepa. Palibe mfumu yakale idauvala pachisoti, palibe banja lidaulandira ngati cholowa cha makolo. Chilakolako chake chidapangidwa ndi otsatsa malonda, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wake wakhala ukukwera ndi kutsika motsatira zomwe ogula a kunja amva.

Ku Mererani zinthu zidali zosiyana kwambiri ndi m'mawindo owala a ku New York. Mu 1971 boma la Julius Nyerere lidatenga migodiyo kukhala ya boma, koma ntchito sidayende bwino ndipo anthu zikwizikwi adakhamukirako kukakumba mwa okha. Mu 1990 boma lidagawa malowo m'zigawo zinayi, A, B, C ndi D. Zigawo B ndi D zidapita kwa okumba ang'onoang'ono, pamene C, chomwe chidali chonona, chidadzafika m'manja mwa kampani ya ku South Africa ya Afgem, kenako TanzaniteOne. Pansi pa nthaka malire saoneka, ndiye mikangano ya ngalande zopyola m'gawo la eni sidathe.

Okumba a kumeneko amadzitcha Wanaapolo. Amatsika mamita mazanamazana pa makwerero amatabwa ndi zingwe, m'mayenje otentha momwe mpweya umachita kupopedwa ndi makina, fumbi lakuda la graphite litawamata thupi lonse. Ambiri salandira malipiro a pamwezi. Mwini dzenje amawapatsa chakudya, iwo nkumadikira gawo lawo tsiku lomwe mwala udzapezeke, ndipo tsikulo limatha kutenga zaka. Kwa nthawi yaitali ana aamuna, omwe ankatchedwa nyoka, ndiwo ankatumidwa kukwawa m'ming'alu yopapatiza momwe wamkulu sangalowe. Mu 1998 mvula yamphamvu idadzaza mayenje ndi madzi ndipo anthu ambirimbiri adafera pansi. Mu 2002 makina opopa mpweya adafa, anthu enanso makumi angapo nkubanika. Mu 2008 madzi adabweranso. Wogula mphete ayenera kuzidziwa zimenezi, chifukwa nazonso zili mumtengo wa mwalawu ngakhale sizilembedwa pa lisiti.

Kuti msika wa tanzanite ndi wosakhazikika zidaonekera poyera kumapeto kwa 2001. Nyuzipepala ya Wall Street Journal idalemba kuti malonda a mwalawu akuthandiza gulu la al-Qaeda. Masitolo akuluakulu a ku America, kuphatikizapo Tiffany yemwe uja, adasiya kuugulitsa, ndipo mitengo idagwa. Mu February 2002, pamsonkhano wa amalonda a miyala ku Tucson, ku America komweko, boma la America lidanena kuti silidapeze umboni woti gululo likupeza ndalama kudzera mu tanzanite, ndipo amalonda adagwirizana njira zolondolera komwe miyala ikuchokera. Chaka chomwecho bungwe la American Gem Trade Association lidaika tanzanite pa mndandanda wa miyala ya anthu obadwa mu December, msika nkudzukanso. Nkhani imodzi ya m'nyuzi idaugwetsa, chigamulo chimodzi cha amalonda chidaudzutsa.

Kwa zaka zambiri Tanzania idangoonerera phindu likutuluka. Miyala yosasema inkazembetsedwa kudutsa malire, yambiri nkukasemedwa ku Jaipur m'dziko la India, komwe anthu ochuluka adapeza ntchito pa mwala womwe kwawo kulibe. Mu 2010 boma lidaletsa kutumiza kunja miyala yosasema yolemera kuposa galamu imodzi. Magufuli adafika patali: mu 2017 adalamula asilikali kumanga mpanda wa makilomita 24 kuzungulira migodi yonse, ndipo udatsegulidwa mu April 2018. Aliyense wotuluka amasechedwa pachipata.

Ndi mkati mwa mpandawu momwe Saniniu Laizer, Mmasai woweta ng'ombe komanso mwini dzenje, adapeza miyala iwiri ikuluikulu mu June 2020, wina wa makilogalamu 9.27, wina 5.1. Boma lidaigula pa mashilingi 7.74 biliyoni. Patangopita milungu yochepa adagulitsanso wina wa makilogalamu 6.3, ndipo adalonjeza kumangira anthu a kwawo sukulu. Nkhaniyi idasangalatsa Africa yonse, ndipo nzoona kuti kukadakhala kale miyala yotere ikadazemba usiku. Koma Laizer ndi mmodzi pakati pa anthu zikwi omwe akutsikabe m'mayenje osapeza kanthu.

Nanga munthu amene wasunga ndalama zake agule?

Ogulitsa amakonda kunena kuti migodi ya Mererani yatsala pang'ono kutha, choncho wogula lero adzalemera mawa. Kuti mwala wa malo amodzi udzatha tsiku lina nzosakayikitsa. Koma mawu amenewa akhala akunenedwa kwa zaka makumi angapo, ndipo miyala ikutulukabe. Vuto lalikulu lili pogulitsanso. Golide ali ndi mtengo wodziwika padziko lonse tsiku lililonse, ndipo ukapita naye kwa wogula amangomuika pasikelo. Tanzanite alibe mtengo wotere. Ndalama zomwe munthu amalipira m'sitolo zimaphatikiza phindu la wokumba, dalali, wosema, wosula mphete ndi mwini sitolo, ndipo akafuna kubweza mwalawo pamsika ndalama zambiri mwa izo sazionanso. Miyala ikuluikulu yabuluu wozama, yopanda mng'alu, ndiyo imasunga mtengo. Ting'onoting'ono totuwira, tomwe ndito tambiri, ndi zokongoletsa basi.

Chinanso ndi kufewa. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, daimondi ali pa 10, ndipo rube ndi safaya, ngati amene amapezeka ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, ali pa 9. Tanzanite ali pakati pa 6 ndi 7, kutanthauza kuti mchenga wamba ukhoza kumukanda. Alinso ndi msempha womwe ukagundidwa mwala umang'ambika ngati chikuni chowazidwa ndi nkhwangwa. Mphete ya ukwati yovala tsiku ndi tsiku, pochapa, pokonola ndi potsuka mbale, siyingakhalitse yowala. Pa ndolo kapena pa mkanda, pomwe sagundidwagundidwa, tanzanite amatha zaka zambiri ali bwinobwino. Pomutsuka pamangofunika madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa, ndipo asachoke pamoto kulowa m'madzi ozizira mwadzidzidzi.

Achinyengo nawo sagona. Galasi lopaka mtundu ndi miyala yopangidwa m'fakitale monga forsterite zimagulitsidwa m'dzina la tanzanite, makamaka kwa alendo ogula mothamanga m'misewu. Wogula mwala wa ndalama zambiri afunse chiphaso chochokera ku labotale yodziwika monga GIA, agule kwa wamalonda wa laisensi, ndipo alandire lisiti lofotokoza kulemera ndi mtundu wa mwalawo.

Tanzanite ngwoyenera kugula ngati munthu wakopeka ndi buluu wake, wadziwa komwe wachokera, ndipo ndalama zomwe akutulutsazo sakuziyembekezera kubwerera. Amene akufuna posungira ndalama za fizi ya ana kapena za ukalamba wake asaziike m'mwala umenewu.