Mbiri ya mbendera ya utawaleza ndi mmene ikusungidwira

Mbendera ya utawaleza, yomwe ndi chizindikiro cha amuna kapena akazi okondana okhaokha pa dziko lonse, inayambira mumzinda wa San Francisco m'dziko la America.

Mbenderayi inakwezedwa koyamba pa 25 June 1978 pa chionetsero cha Gay Freedom Day. Amene anatsogolera ntchito yoikonza ndi a Gilbert Baker, mothandizana ndi a Lynn Segerblom, a James McNamara komanso anthu ena odzipereka omwe ananyika nsalu mu utoto ndi kuzisoka okha. Iwo anasoka mbendera zikuluzikulu ziwiri, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 18, mulifupi mamita 9.

Poyamba mbenderayi inali ndi mitundu isanu ndi itatu, uliwonse ndi tanthauzo lake. Mwachitsanzo, wofiira unkaimira moyo, wachikasu kuwala kwa dzuwa ndipo wobiriwira chilengedwe. Pofika m'chaka cha 1979 mitunduyi inatsala isanu ndi umodzi, mwa zina kaamba koti nsalu ya pinki inkasowa.

A Baker sanalembetse mbenderayi ngati katundu wawo, kotero aliyense ali ndi ufulu woisoka ndi kuigwiritsa ntchito.

Ngakhale chizindikirochi chinafalikira, mbendera zoyambirira zija sizinasamalidwe bwino. Imodzi inasowa, pomwe inayo inaonongeka ndi chinyontho chifukwa denga la nyumba yomwe inkasungidwamo linkadontha. A Baker anadulako mbali yomwe inali yabwino n'kuisunga mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 2017.

Chidutswachi, chomwe ndi cha mamita pafupifupi 8.5 mulitali ndi 3 mulifupi, chinaperekedwa ku bungwe la Gilbert Baker Foundation. Katswiri wa za mbendera atachiunika, anatsimikiza kuti ndi cha mbendera ya 1978. Mu June 2021 bungwe la GLBT Historical Society linachionetsa kwa anthu m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale mu San Francisco momwemo.

Akuluakulu a mzindawu anachitaponso kanthu kudzera m'malamulo. M'chaka cha 2024 anavomereza kuti mbendera yaikulu yomwe inakwezedwa mu 1997 pa bwalo la Harvey Milk Plaza ikhale m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya mzindawo. Izi zikutanthauza kuti wofuna kusintha malowa ayenera kuyamba wapeza chilolezo.

Bwaloli linatchulidwa dzina la a Harvey Milk, khansala wa mzindawu yemwe sankabisa kuti amakondana ndi amuna anzake. Iwo anaphedwa pochita kuwomberedwa ndi mfuti pa 27 November 1978, patangotha miyezi isanu mbenderayi itakwezedwa koyamba.