Sukulu za ku Matero ndi ku George

Mzinda wa Lusaka unayamba m'caka ca 1905 monga poimira sitima cabe, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1935 Boma linasamutsa likulu lace kucoka ku Livingstone kudza kuno, ndipo anthu anayamba kufika kudzafuna nchito: Asoli ndi Alenje eni dziko, Ansenga, Acewa ndi Angoni a kum'mawa, Abemba, Atonga ndi Alozi. Koma Boma la masiku amenewo linayesa munthu wakuda mlendo m'tauni. Linafuna manja ace okha, ndipo linaganiza kuti mkazi ndi ana atsale kumudzi, kumene amisyoni anali ndi sukulu zao. Motero sukulu za ana akuda m'Lusaka zinali zowerengeka.

Zinthu zinayamba kusintha ndi lamulo la nyumba la 1948, limene linalola wanchito kukhala ndi banja lace m'tauni. Patapita zaka pang'ono anamanga Matero, komboni ya Khonsolo, ya nyumba za mizere ndi mipope ya madzi. Koma nyumbazo zinali za anthu olembedwa nchito. Amene analibe mwai umenewo anamanga tinyumba ta zidina pa mapulazi a Azungu, nalipira eni malo. Komboni ya George, imene inatenga dzina la mwini malowo, inakula cotero m'mbali mwa Matero, monganso Chawama ndi Kalingalinga m'mbali zina za mzinda. Popeza lamulo silinazindikire makomboni otere, kawirikawiri Boma silinamangeko sukulu, ndipo mwana wa ku George anali kukapempha malo ku Matero.

M'zaka za Citaganya, 1953 mpaka 1963, ana anaphunzira monga mwa khungu lao. Azungu anali ndi Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, zimene lero ndi Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls. Amwenye ndi Makaladi anali ndi Prince Philip, imene lero ndi Kamwala. Mnyamata wakuda wotsiriza Sitandadi 6 anayang'ana ku Munali, sukulu imene inayamba maphunziro a sekondale mu 1939, koma kumeneko analimbirana malo ndi anyamata a dziko lonse. Nkosadabwitsa tsono kuti pofika ufulu mu 1964, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha otsiriza yunivesite.

Ufulu unatsegula zitseko. Tsankho la m'sukulu linatha, ndipo mu 1966 anatsegula Yunivesite ya Zambia, ndi sukulu ya Matero Boys imene inayambitsidwa ndi abale a Cikatolika. M'nyengo yomweyo masitandadi anasanduka magiredi asanu ndi awiri, ndipo Cingerezi cinakhala cinenero cophunziriramo kuyambira Giredi 1. Koma anthu anaculuka kuposa njerwa. Kalembera wa 1963 anapeza anthu 123,000 m'Lusaka, wa 1969 anapeza 262,000, ndipo wa 1980 anapeza oposa 500,000. Ambiri a iwo analowa m'makomboni osaloledwa aja.

Mu 1974 Boma linapanga lamulo lozindikira makomboni otere, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kukonza George, Chawama ndi Chaisa, kuikamo miseu, madzi ndi sukulu za pulaimale. Mwatsoka mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndarama za Boma zinacepa, ndipo kumanga kunazirala. Cipinda cimodzi cinayamba kulandira magulu awiri kapena atatu pa tsiku, ena m'mawa, ena masana, kotero kuti mwana anakhala ndi mphunzitsi maora owerengeka okha.

Apa ndipo pagona nkhani ya mayeso a Giredi 7. M'zaka zimenezo, mwa ana asanu olemba mayesowo m'dziko lonse, mmodzi yekha kapena kuposerapo pang'ono ndiye anapeza malo mu Fomu 1. Otsalawo anthu anawacha olephera, koma mzere wodulira unali kuikidwa molingana ndi mipando imene inalipo ku sekondale. Ambiri amene anabwerera kukagulitsa makala ndi tomato pa msika anali ana anzeru ndithu. Cimene cinasowa ndi mpando.

Pamene zolipira za sukulu zinakwera m'zaka za m'ma 1990, ndipo matenda a Edzi anasiya ana amasiye ambiri, anthu a m'makomboni anakumbuka mau a akuru akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anatsegula sukulu zao m'machalichi ndi m'nyumba, zosafuna yunifomu, ndi aphunzitsi odzipereka. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba mu 1992 kuthandiza nchito imeneyi. Mu 1997 Boma linalola mtsikana amene watenga pakati kubwerera ku sukulu atabala, ndipo mu 2002 linacotsa malipiro a Giredi 1 mpaka 7.

Kulowa m'kalasi kunapepuka, koma kuwerenga kunatsalira. Pa mayeso oyerekeza maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Afirika mu 2007, ana a Giredi 6 a ku Zambia ndi a ku Malawi ndiwo anali pansi pa onse m'kuwerenga. Mu 2014 Boma linalamula kuti magiredi anai oyamba aphunzire m'cinenero ca kwao, ndipo ku Lusaka linasankha Cinyanja. Koma napo panali mfundo, pakuti Cinyanja ca m'buku cimasiyana ndi cimene mwana wa ku George amalankhula pa mpope.

Mu 2022 maphunziro anakhala aulere kufikira Giredi 12, ndipo Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana amene anali atakhala pansi anabwerera, zipinda zinadzazanso. Cotero funso la Matero ndi George likali lomwe lija la 1948: kodi mzinda umawerenga ana ace onse usanamange? Wotsiriza sukulu amene anapeza mpando adziwe kuti mng'ono wace akuufunanso, ndipo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pafunika munthu wodziwa kuwerenga ana, zipinda ndi mabuku.