Kuvomereza

Mawu awa amapezeka kwambiri m'malipoti a misonkhano ya khonsolo ya yunivesite: khonsolo yavomereza bajeti ya chaka, yavomereza kugula basi ya ophunzira, yavomereza kukonza denga la hositelo lomwe likudontha. Tsinde lake ndi kuvomera. Pagule, wina akayambitsa nyimbo ena onse amavomera. Mwana akaitanidwa amavomera kuti "wawa". Wolakwa naye amavomera mlandu.

Kuvomereza kumapitirira pamenepo. Wovomereza amakhala ndi mphamvu yokana, ndipo akalola, chinthucho chimachitika m'dzina lake. Chikalakwika, wofunsidwa ndi iyeyo.

N'chifukwa chake ndimada nkhawa ndikamva kuti pepala logulira makompyuta 40 ladutsa pamsonkhano popanda wofunsa funso ngakhale limodzi. Pamenepo anthu angovomera ngati panyimbo. Wovomereza weniweni amavala magalasi, n'kutsegula makotesheni tsamba ndi tsamba, n'kufunsa chifukwa chake wamtengo wokwera ndiye wasankhidwa. Amafunsanso ngati matiresi omwe analipiridwa chaka chatha anafikadi kuhositelo.

Ku Malawi, mayunivesite aboma monga UNIMA, MZUNI ndi LUANAR amagula katundu motsata malamulo omwe bungwe la PPDA limayang'anira. Ndalama zake ndi za misonkho yathu komanso fizi yomwe makolo ena amapeza atagulitsa fodya kapena mbuzi.

Inu okhala m'makhonsolo, chonde werengani pepala lonse musanasaine.