Lipenga la Mkuwa ku Chipata: Mbiri ya Chida ndi Mawu Ochiphunzitsira

Mawu oyamba

Mnyamata wa ku Nabvutika, komboni ina ya mzinda wa Chipata, akaona bandi ikuguba pa 24 Okutobala nafuna kuphunzira lipenga, amapeza kuti mwambo wa chidacho ndi wakale kuno, koma mawu ochiphunzitsira m'Chinyanja ngosowa. Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola njira imene lipenga la mkuwa linadzera, ndi kuonetsa kuti mavuto ena a ophunzira gwero lake ndi chilankhulo.

Dzina lakale, chida chatsopano

Mawu akuti lipenga ndi akale kuposa chida cha mkuwa. Makolo ankabowola nyanga ya nyama kapena mnyanga wa njovu cham'mbali, naiomba poitana anthu ku uzimba kapena ku nkhondo. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 anagwiritsa ntchito mawu omwewa. Motero chida chachilendo chitafika, chinapeza dzina likuchidikira.

Chinafika ndi asilikali. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, a British South Africa Company anamanga Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. M'misasa ya asilikali ndi apolisi, lipenga ndilo linali wotchi: linkadzutsa anthu, kuwaitanira ku perete ndi kuwagoneka. Lipenga limeneli, lotchedwa bugle m'Chingerezi, lilibe mabatani, ndipo woliza amatulutsa manoti ngati 5 okha pomanga kapena kumasula milomo. Wophunzira ankangomvera ndi kutsanzira. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inatenga amuna ambiri a kuno ndi a ku Nyasaland, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati a mtengatenga, ndipo anabwerako ndi kulira kwa bandi m'makutu.

Bandi ya m'mudzi

Obwerawo analibe ndalama zogulira mkuwa, choncho anapanga bandi ndi zimene anali nazo. T. O. Ranger, m'buku lake la mu 1975, anaonetsa kuti beni anayambira m'matauni a Aswahili m'mphepete mwa nyanja ya mchere cha m'ma 1890, ndi kuti dzinalo linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza bandi. Abale ake a beni ndi malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, mganda wa Achewa ndi Atumbuka, umene A. M. Jones anaulemba mu 1945, ndi kalela wa ku migodi, amene J. Clyde Mitchell anamufotokoza mu 1956.

Lipenga la mganda ndi chikho chachitali chobowola, chomatidwa kansalu koyera kamene kangaude amakutira mazira ake. Mwini wake amaimba ndi kukhosi, kansaluko nkumanjenjemera. M'lipenga la mkuwa kholingo silichita kanthu: imanjenjemera ndi milomo, mkati mwa kachitsulo koika pakamwa. Apa dzina limodzi lasenza zida zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chimalira mwa njira yakeyake.

Malipenga a mabatani

Mabatani anatulukiridwa ku Germany cha m'ma 1815 ndi Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel. Batani lililonse limatalikitsa njira ya mpweya: lachiwiri limatsitsa noti ndi theka la sitepe, loyamba ndi sitepe yathunthu, lachitatu ndi sitepe ndi theka. Malipenga otere anafalikira kudzera m'mabandi a apolisi, a asilikali ndi a mipingo monga Salvation Army. Koma amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Magwero mu 1899, mphamvu zawo anaziika pa nyimbo za pakamwa. Anthu ambiri a m'makwaya anazolowera do, re, mi, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England, pomwe mabuku a malipenga amalembedwa pa mizere isanu. Lamulo la maphunziro la mu 1966 litaika Chingerezi patsogolo m'sukulu za Zambia, panalibenso chokakamiza munthu kusula mawu a zimenezi m'Chinyanja.

Mavuto atatu a chilankhulo

Loyamba ndi mneni. Timati kuimba nyimbo, kuimba ng'oma, kuimba lipenga. Mwana amene anakula akuona mganda, akauzidwa kuti aimbe, amang'ung'udza m'chidamo. Akauzidwa kuti auzire, amapemerera ngati akusonkha moto, lipenga nkukhala duu. Mneni woyenera ndi kuliza, ndipo mphunzitsi ayambe ndi kunjenjemeretsa milomo chida chili pansi.

Lachiwiri ndi kukweza mawu. Kwa Mnyanja mawuwa amatanthauza kulankhula mofuula, koma mphunzitsi wotsata mabuku a Chingerezi amafuna noti ya pamwamba. Wophunzira amangoonjezera mphamvu, noti ili pomwepo. Oimba kalimba ndi ulimba anathetsa kale vutoli: amati mawu aang'ono ndi mawu aakulu. Tikatsata iwo, kukweza ndi kutsitsa kutsala kwa mphamvu yokha.

Lachitatu ndi lilime, ndipo apa Chinyanja chili ndi mwayi. Buku la Jean-Baptiste Arban la mu 1864 limaphunzitsa kuyamba noti ndi phatikizo lakuti tu, ndi kuthamanga ndi tu-ku. M'Chifalansa cha Arban t ameneyu alibe mpweya wotsatira, koma wolankhula Chingerezi amamutchula ndi mpweya, ndipo kalembedwe kake sikasiyanitsa ziwirizi. Ife timasiyanitsa: tu wa m'mawu akuti tupa si thu wa m'mawu akuti thupi, ndiponso ku wa kula si khu wa khutu. Mphunzitsi wa Chinyanja angathe kunena mwachindunji chimene akufuna, mwana wa zaka 10 nkumva pomwepo.

Mawu omaliza

Mbiriyi ikutionetsa kuti kwa zaka zoposa 100 lipenga laphunziridwa kuno kwambiri ndi khutu ndi maso, kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Njirayi yabala akatswiri, koma luso limapita ndi mwini wake kumanda. Mkuwa ngokwera mtengo, ndipo m'komboni ngati Nabvutika chida chimodzi chingadutse m'manja mwa ana ambiri. Mwana akatha mwezi osatulutsa liwu chifukwa cha mneni wolakwika, amachisiyira mnzake osabwereranso. Ntchito yathu aphunzitsi a zilankhulo ndi kukhala pansi ndi akuluakulu amene analiza m'mabandi a apolisi, a asilikali ndi a mipingo, pamodzi ndi atsogoleri a mganda, kulemba mawu amene iwo amagwiritsa ntchito pophunzitsa, kenaka nkusula amene akusowa. Tiyambe ndi akuluakuluwo akadali moyo.